Zida zotsukira mfuti patatha miyezi khumi: zomwe zapirira chinyezi cha Blantyre ndi zomwe zagonja

Bokosi la zida zotsukira mfuti tikunenali ndi lija amaligulitsa ati ndi la mfuti za mtundu uliwonse: kasutikesi ka aluminiyamu kokhala ndi ndodo zolumikiza zidutswa zitatu, maburashi a mkuwa osiyana kukula, maburashi a thonje, timitu tokolekapo nsanza ndi kabotolo ka mafuta kopanda dzina. Lidayamba ntchito mu Okutobala pa mfuti ziwiri zokhala ndi ziphaso zake: ya 12 gauge (yoombera timipira ta mtovu) ya mipope iwiri yosanjikizana, yokhala ndi ma choke omasula (timipope tomangidwa kunsonga kwa mpope, topanikiza timipirato potuluka), ndi ya .22 LR (ya mpope waung'ono). Nthawi imeneyo tidati bokosili nlokwanira munthu woyamba kumene. Tsopano ladutsa m'fumbi la Okutobala, m'dzinja lonse, ndi m'Chiperoni wa Juni ndi Julayi, ndipo theka la mawu aja tikulibweza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyankhiretu funso lomwe limabwera kawirikawiri, lakuti bwanji osagula makina odzazira zipolopolo kunyumba monga amachitira ku America, komwe makampani a Lee ndi RCBS amagulitsa makinawo pamodzi ndi sikelo yake. Kuno nkhani ndi ina. Chiphaso cha mfuti chomwe munthu amatenga kupolisi nchosungira mfutiyo ndi kugulira zipolopolo zake, osati chopangira zipolopolo, ndipo lamulo la Firearms Act silisekerera wopanga zinthuzi popanda chilolezo. Ndalama imeneyo ilowe ku zida zosamalira mfuti, chifukwa ku Blantyre mfuti zambiri sizifa ndi kuombedwa, zimafa ndi dzimbiri zili chiimire m'kabati.

Musanagwire burashi iliyonse, tsegulani mfuti, yang'anani ndi maso, pisanimo chala kuti mutsimikize kuti mulibe chipolopolo, ndipo zipolopolo zikhale chipinda china.

Choyamba kugonja chidali ndodo yaing'ono ya .22. Mpope wa mfuti imeneyi ndi mamilimita 5.6 okha, ndiye ndodo yake njopyapyala, ukakankha burashi yatsopano imakhota n'kumakhula m'mbali mwa mpope. Aluminiyamu ndi wofewa, timchenga timalowerera m'thupi mwake, ndodo n'kusanduka ngati tupa. Polumikizira zidutswa pamatsala kamlomo kokanda, ndipo pofika Januwale mazinga a polumikizira pamodzi adali atatha, ndodo n'kumalekana ili m'kati mwa mpope. M'malo mwake pakufunika ndodo ya chidutswa chimodzi, yachitsulo yokutidwa ndi pulasitiki kapena ya carbon fibre, yomwe chogwirira chake chimazungulira chokha kuti burashi izitsata timizere ta mumpope. Muziipukuta ndi kansanza nthawi iliyonse ikatuluka. Ndodo yaikulu ya 12 gauge ilibe mlandu, ikugwirabe ntchito: mpope wake ndi pafupifupi mamilimita 18.5, ndodo simafika pokhudza m'mbali.

Pogula maburashi ena chenjerani ndi mazinga. Zida za ku America zimakhala ndi mazinga a 8-32 pa .22 kukwera m'mwamba, ndi 5/16-27 pa mfuti za gauge. Za ku Britain, monga za Parker-Hale, zili ndi mazinga awoawo. Mbale wopita ku Johannesburg mukamutuma burashi, mupatseni burashi yakale anyamule, apo ayi akubweretserani yabwino koma yosalowa pandodo.

Burashi ya mkuwa ya 12 gauge idakhala miyezi inayi n'kugona tsitsi. Siinali yoipa kwenikweni. Burashi imaphedwa ndi zinthu zitatu: kuibweza isanatulukire kunsonga kwa mpope, kuiviika m'botolo la mankhwala (zomwe zimadetsanso botolo lonse), ndi kuisiya yonyowa ndi mankhwala, makamaka okhala ndi amoniya, omwe amadya mkuwa. Dontheza mankhwala paburashi, kankha mpaka ituluke, kenako bweza. Ukamaliza itsukuluze ndi spiriti. Ikayamba kudutsa mumpope osalimbalimba, yatha, koma osaitaya: kukulunga nsanza pa burashi yakutha kumapukuta mpope wa 12 gauge bwino kuposa kamutu kabowo kaja ka m'bokosi, komwe nsanza imangokwinyikira mbali imodzi. Burashi yachitsulo chosachita dzimbiri yomwe idabwera m'bokosimo ikadali yatsopano, ndipo ikhale choncho, njaukali kwambiri.

Litsiro lovuta mu 12 gauge si mwaye wa onga ayi. Ndi pulasitiki wa kachikho konyamula timipira ta mtovu, yemwe amasungunukira m'mbali. Lozetsani mpope kuwindo: mudzaona timizere totuwa patsogolo penipeni pa malo okhala chipolopolo, pomwe mpope umayamba kupanikiza, ndi kunsonga kwa choke. Nsanza youma imadutsa pamwamba pake n'kutuluka yoyera, munthu n'kumati watsuka. Pansi pa pulasitikiyo ndi pomwe chinyezi chimabisala. Nyowetsani mpope ndi mankhwala otsukira mfuti a Hoppe's No. 9, dikirani mphindi 10 mpaka 15, burashi idutse kakhumi, kenako nsanza mpaka yomaliza ituluke yoyera. Pulasitiki amatuluka ngati timakoko ta anyezi.

Ya .22 yokha simafuna kukhulidwa tsiku lililonse. Zipolopolo zake nzamtovu wopakidwa phula, ndipo mpope ukatsukidwa kwambiri zipolopolo zingapo zoyamba zimamwazika mpaka phula litayalanso. Chotsani chotsekera cha kumbuyo kwa mpope (bolt), lowetsani ndodo kuchokera kumbuyo, osati kunsonga, chifukwa kamlomo ka kunsonga kakangodyeka mbali imodzi mfuti imasiya kulasa pamodzi.

Chingwe chokokera mumpope, chija amati bore snake, chidagulidwa pachokha ndipo chabweza ndalama yake. Kukoka kawiri pomwe mwamaliza kuombera kumachotsa mwaye usanayamwe chinyezi. Koma si cholowa m'malo mwa ndodo, pulasitiki uja sichimumaliza. Chimasunganso litsiro lonse lomwe chachotsa, ndiye chichapidwe ndi sopo, chiume gwa chisanalowenso mumpope. Nthawi ya Chiperoni chimatha masiku chili chinyowere pachingwe, choncho chichapeni dzuwa likaoneka. Osayerekeza kukoka cha saizi yaikulu mumpope waung'ono: chikadukira m'kati, ndi ntchito ya mmisiri.

Tsopano mafuta, pomwe pagona nkhani. Kabotolo ka m'bokosi kadali ka mafuta opyapyala ngati madzi, ndipo mu Disembala, patangotha sabata ziwiri chipakireni, panja pa mipope padatuluka timadontho tofiira pomwe padagwira dzanja. Thukuta lili ndi mchere, chidindo cha chala chimasanduka dzimbiri chili chomwecho ndi mizere yake. Ballistol, mtundu wa mafuta a mfuti yemwe adayamba kupangidwa ku Germany mu 1904, wachita bwino: amasakanikirana ndi madzi m'malo moyandama pamwamba pake, ndipo saononga thabwa kapena lamba wachikopa. Fungo lake lokha, amayi a kunyumba akuuzani okha kuti katsukireni pakhonde. M'dzinja mfuti ipukutidwe ndi kansanza ka mafutawa sabata ziwiri zilizonse, kaya yaombedwa kaya ayi. WD-40 ntchito yake nkuthamangitsa madzi, ndipo mfuti ikavumbwa amathandizadi, koma pambuyo pake pukutani n'kupaka mafuta okhalitsa. Mafuta ophikira asayandikire n'komwe, amauma n'kukhala ngati ulimbo.

Olakwitsa ambiri salakwitsa pochepetsa mafuta koma pochulukitsa. Mu Seputembala ndi Okutobala mafuta ochuluka amakola fumbi n'kupanga phala lomwe limadya zitsulo zoyenda. Akalowa m'kabowo ka msomali womenya chipolopolo, amaundana ndi litsiro, msomali n'kumamenya mofooka, mfuti n'kumakana. Mfuti ikaimikidwa mpope kumwamba, mafutawo amatsikira m'thabwa la paphewa, pomwe thabwa limakumana ndi chitsulo. Pamada bii, pamafewa, kenako pamang'aluka. Mukapaka mumpope, imikani mfuti chozondoka, nsonga pansi pa kachidutswa ka labala. Ndipo musanaombere, pititsani nsanza youma mumpope ndi m'malo okhala chipolopolo.

M'bokosi lonse lija munalibe girisi, chonsecho ndiye amapulumutsa ma choke. Mpweya wa onga umalowa m'mazinga ake, mwaye n'kuyamwa chinyezi, ndipo choke yosiyidwa dzinja lonse osamasulidwa imagwirana ndi mpope ngati yowotcherera. Muziimasula nthawi iliyonse mukatsuka. Mazinga a choke ndi a mumpope atsukidwe ndi mswachi wakale, pakani girisi wochuluka ngati mutu wa machesi, mangani ndi kiyi wake mpaka yakhazikika, osachita kugwiritsa mphamvu za phewa. Ikakhala kuti yagwira kale, imikani nsonga ya mpope m'kachitini ka mafuta omasulira mabauti kwa masiku awiri kapena atatu, kenako yesani ndi kiyi wokwana bwino m'timipata take. Pulayala ndi ndalama yachitsulo zimangophwanya timipatato. Ikakanabe, pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka. Osaombera mpope wopanda choke, mazinga amaonongeka, ndipo poombera muziyesa ngati sinakhwepe. Kadontho kena ka girisi kapite pachitsulo chomwe mipope imapindikirapo potsegula.

Chida chomwe chasintha zinthu kuposa zonse sichotsukira n'komwe. Ndi ka hygrometer kabatire, koyeza chinyezi m'kabati. Chitsulo chimakhala pamtendere chinyezi chikakhala cha m'ma 45 mpaka 55 peresenti. Chikapitirira 60, dzimbiri limayamba kufulumira. Kabati yachitsulo yomangidwa kukhoma lakunja, lomwe mvula imaombapo, imachita thukuta m'kati. M'malo okwera ngati Limbe, Bangwe ndi kutsinde kwa Soche, komwe nkhungu ya Chiperoni imatsika mpaka pakhomo, anthu amapusitsidwa poganiza kuti mvula idatha mu Epulo, n'kuleka kuyang'ana mfuti. Juni ndi Julayi amaluma mwakachetechete. Kabati ikhale kukhoma lam'kati, ndipo pansi pake payalidwe thabwa kuti mfuti isagunde simenti kapena chitsulo.

Timapaketi ta silica gel, timikanda toyamwa chinyezi, totuluka m'mabokosi a nsapato sitingathe kabati yonse. Pafunika theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi, wamtundu wosintha maonekedwe: wa olenji amasanduka wobiriwira akakhuta madzi, wa buluu amasanduka pinki. Akakhuta, muyaleni mopyapyala m'thireyi, alowe mu uvuni pa madigiri 120 kwa maola awiri kapena atatu, azizire m'chitini chotseka, abwerere m'kabati. Pambaula moto sungaupime, amapserera n'kuleka kuyamwa. Mu Januwale ndi Febuluwale ntchitoyi imabwera pafupipafupi, m'chilimwe mutha kuiwala. Timandodo tamagetsi totenthetsa m'kabati timagwira ntchito, koma magetsi akathima usiku wamvula timathimira limodzi, ndiye silica asachoke.

Chikwama chathovu kapena chaubweya nchonyamulira, si chosungira. Thovu limamwa madzi ngati siponji n'kuwagoneka pachitsulo. Mfuti yovumbwa ichoke m'chikwama pofika pakhomo, thabwa lakutsogolo lichotsedwe chifukwa madzi amabisala pansi pake, ipukutidwe, iume pamthunzi, kenako mafuta.

Dzimbiri lapamwamba likaoneka, nyowetsani ndi mafuta, dikirani, kenako sisitani pang'onopang'ono ndi waya wosalala wa nambala 0000. Waya wotsukira mapoto wa mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande ngwa mapoto basi: amachotsa dzimbiri pamodzi ndi utoto wakuda wa mpope, pamalopo n'kuyera mbee, ndipo dzimbiri lobwerera limadza ndi abale ake.

Masikuludiraiva a m'bokosi la galimoto ali ndi nsonga yosongoka ngati nkhwangwa, amatumpha m'kamzere n'kusiya chipsera pa sikuluu. A mfuti nsonga yake njofanana makulidwe mpaka pansi pa kamzere, ndipo iyenera kudzaza kamzereko m'litali ndi m'lifupi momwe. Atatu okwana bwino aposa makumi awiri ongoyerekeza.

Nsanza zomwe zidabwera m'bokosi zidatha mwezi woyamba, ndipo zidali zoterera, zosamwa mafuta. Malaya akale a thonje a pakaunjika, odulidwa masentimita 7 mbali zonse pa 12 gauge ndi masentimita 2.5 pa .22, akugwira bwino kuposa pamenepo. Zakuda zotuluka mumpope zili ndi mtovu, ndipo ife nsima timadya ndi manja. Valani magolovesi opyapyala, sambani ndi sopo ndi madzi ozizira, ndipo ntchitoyi isachitikire patebulo lodyera kapena pomwe ana amakwawa. Nsanza zopakira mafuta a linseed pathabwa zisaunjikidwe pakona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni chotambasula panja kapena ziviikeni m'madzi.

Zipolopolo zikhale kwazokha, kokiyidwa, m'bokosi la labala pachivundikiro, ndi kapaketi kake ka silica, kutali ndi mafuta chifukwa mafuta akalowerera chipolopolo chimakana kulira. Matako a zipolopolo zambiri za 12 gauge amaoneka ngati mkuwa, koma yesani ndi maginito: ndi chitsulo chongokutidwa. Zikagona m'thumba la jekete yonyowa zimachita dzimbiri, ndipo chikhungwa chake chimakanirira mumfuti mukaombera.

Pa zonse zidabwera m'kasutikesi kaja, zomwe zikugwirabe ntchito ndi ndodo yaikulu, burashi ya thonje yopakira mafuta mumpope, ndi kaburashi ka nayiloni kotsukira m'makona. Kasutikesiko thovu lake lam'kati lidachita nkhungu mu Febuluwale n'kuchotsedwa. Pano mukukhala ma choke, iliyonse m'kabotolo kake, kiyi wake, ndi kachubu ka girisi.