Sunagoge wa Esnoga ku Amsterdam: werengani za Spinoza musanapiteko

Mukakhala ku Amsterdam, tsikani pa siteshoni ya Waterlooplein mukaone Esnoga, sunagoge wa Ayuda amene makolo awo anachokera ku Portugal ndi Spain. Tikiti yake mumalowera nayonso ku nyumba yosungiramo mbiri ya Ayuda imene ili tsidya lina la msewu. Pakhomo amakupatsani kachipangizo komvera kofotokoza malo aliwonse, ndipo amuna amapatsidwa kachipewa. Loweruka satsegula, ndi Sabata.

Sunagogeyu anatsegulidwa mu 1675 ndipo m'chipinda chopempherera mulibe magetsi mpaka lero. Amaunikira ndi makandulo mazanamazana, pansi anawazapo mchenga wosalala. M'nyengo yozizira valani jekete lochindikala.

Koma ine chinandikokera kumeneko ndi nkhani ya Baruch Spinoza, katswiri wa maganizo ozama (filosofi) amene anabadwira mumzindawu. Mpingo womwewu ndi umene unamudula pa 27 July 1656, ali ndi zaka 23, nyumbayi isanamangidwe. Analamula kuti wina asayankhule naye, asakhale naye pansi pa denga limodzi, asawerenge zolemba zake. Spinoza sanapepese, sanalowenso Chikhristu. Ankapala magalasi n'kumalemba kuti Mulungu ndi chilengedwe n'chinthu chimodzi, mpaka anamwalira ku The Hague mu 1677. Nanga anali Myudabe? David Ben-Gurion, nduna yaikulu yoyamba ya dziko la Israel, anapempha kuti chiletsocho chichotsedwe, koma mpaka pano chikadalipo.

Nditakhala pa mabenchi akuda aja ndinayamba kuwamvetsa anamudulawo, ngakhale sindigwirizana nawo. Makolo awo anabatizidwa mokakamizidwa ku Portugal mu 1497, nakhala mibadwo ingapo akupita ku misa masana, kwinaku akusunga Chiyuda mobisa. Atafika ku Amsterdam ambiri anachita kuphunziranso Chiheberi ndi malamulo ali akuluakulu. Anthu oti angobwezeredwa kumene chipembedzo chawo, mwana wa m'nyumba mwawo n'kumakayikira Malemba, mantha sakanalephera kuwagwira. Ife a m'mipingo imene imadula anthu tikudziwa ululu wake, kwa wodulidwa ndi kwa abale ake omwe.

M'bwalo lomweli mulinso laibulale ya Ets Haim, yoyambitsidwa mu 1616. Patulani maola atatu, ndipo mukatuluka yendani pang'ono kulowera ku Zwanenburgwal, kumene anaimika chipilala cha Spinoza mu 2008.