Habu yotchipa ya tayala lakutsogolo: zomwe ndaona patatha miyezi ndikuyendera

Mnzanga wina anandifunsa posachedwa ngati angagule habu (chitsulo chomwe tayala limamangidwapo, chokhala ndi beringi yolithandiza kuzungulira) ya mtundu womwe ndinaikitsa pa galimoto yanga, popeza yake nayo yayamba kulira kutsogolo. Yankho lomwe ndinamupatsa silikufanana ndi lomwe ndikanapereka m'masabata oyambirira, pamene ndinkaiyamikira habuyo kwa aliyense wondifunsa, choncho ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse mwadongosolo kuti wina woganiza zogula adziwe mbali zonse ziwiri.

Galimoto yanga ndi yaing'ono, yokoka ndi matayala akutsogolo, ndipo habu yake ndi ya mtundu umene beringi imabwera itatsekeredwa kale m'kati, n'kungomangidwa ndi mabawuti. Beringi yotere siitheka kuitsegula kuti muthiremo girizi kapena kuikhwimitsa. Ikatha, mumasintha chonsecho. Yakale inayamba ndi kulirima kwapansipansi komwe kunkakula liwiro likamakwera, ndipo kunkapitirira chimodzimodzi ngakhale nditachotsa giya, zomwe zinasonyeza kuti vuto silinali mu injini. Ndikakhotera kumanzere phokoso linkakula, ndikakhotera kumanja linkachepa, chifukwa pokhota kulemera kwa galimoto kumapita ku tayala lakunja. Amakaniko sanakhutire ndi zimenezo zokha, poti tayala lotha mosalingana limalira mofananako ndithu. Anakweza galimoto ndi jeke, anagwira sipuling'i ndi dzanja limodzi kwinaku akuzunguza tayala ndi linalo, ndipo kumanja kunjenjemera kunamveka bwinobwino pamene kumanzere kunali zii.

Kusitolo anandionetsa mahabu awiri. Ina inali ya kampani yodziwika, ina ya dzina lomwe sindinalimvepo, ndipo mtengo wa yachiwiriyi unali pafupifupi theka la yoyambayo. Wogulitsa ananditsimikizira kuti imagwira ntchito chimodzimodzi ndipo ili ndi waranti ya chaka chimodzi. Ndinatenga yotchipayo.

Zomwe zinayenda bwino sizifuna mawu ambiri. Mabowo a mabawuti anagwirizana ndi a galimoto popanda kukakamiza. Phokoso linatheratu tsiku lomwelo ndipo silinabwererenso. Tayala silinkagwedera mukaligwira pamwamba ndi pansi, habu sinkatentha ngakhale pa ulendo wautali, ndipo tayalalo linapitiriza kutha molingana. Pa nkhani ya beringi yeniyeniyo, ndilibe chodandaula chilichonse mpaka tsiku lomwe tinaichotsa.

Vuto linatulukira kwina. Patapita miyezi ingapo, ndikamaima pang'onopang'ono, galimoto itatsala pang'ono kuimiratu, chopondera cha mabuleki chinayamba kugunda pansi pa phazi, ndipo kutsogolo kunkamveka kulira kwa pampu ya ABS (makina oletsa matayala kukhwekhwereza mukaponda mabuleki) ngati momwe zimakhalira munthu akaponda mabuleki mwadzidzidzi pamsewu woterera. Koma msewu unali wouma, ndipo liwiro linali la munthu woyenda pansi. Poyamba zinkachitika mwa apo ndi apo, kenako zinayamba kuchitika pafupifupi paliponse poima. Choopsa chake n'chakuti pa kanthawi kameneko mabuleki amamasuka pang'ono, galimoto n'kusendera patsogolo kuposa pomwe munafuna kuima, ndipo pamzere wa magalimoto kapena pamalo owolokera anthu kusendera kumeneko si nkhani yaing'ono. Chodabwitsa n'chakuti getsi la ABS pa dashibodi silinayakepo.

Amakaniko anayamba kukayikira disiki ya mabuleki, ndipo kukayikira kumeneku kunali ndi maziko, chifukwa dzimbiri likatsalira pakati pa habu ndi disiki, disikiyo imakhala mopendekeka pang'ono ndipo m'kupita kwa nthawi chopondera chimayamba kugunda. Anayeza ndi dial gauge, kachipangizo koyezera kupendekeka, napeza kuti kupendekeka kwake kunali kosafika 0.05 mm, komwe ndi malire a magalimoto ambiri ang'onoang'ono. Komanso kugunda kwa disiki kumamveka kwambiri pa liwiro lalikulu, kumatsatira kuzungulira kwa tayala, ndipo sikuliza pampu. Zanga zinali zosiyana ndi zimenezo m'mbali zonse.

Kenako analumikiza makina owerengera kompyuta ya galimoto, koma sanapeze khodi iliyonse ya vuto. Chomwe chinaulula zonse chinali kuyenda ndi makinawo ali olumikizidwa, tikuyang'ana liwiro la tayala lililonse palokha. Pa liwiro lalikulu matayala onse anayi ankaonetsa nambala yofanana. Liwiro likatsika kufika pansi pa makilomita 10 pa ola, matayala atatu ankatsika mwadongosolo, koma lakutsogolo kumanja linkagwera pa 0 mwadzidzidzi kenako n'kubwerera. Kompyuta ikaona tayala limodzi laima pamene ena akuzungulira, imaganiza kuti lagwidwa ndi mabuleki ndipo likukhwekhwereza, choncho imachita ntchito yake yomasula buleki ya tayalalo. Siiyatsa getsi chifukwa kwa iyo palibe waya woduka kapena sensa yakufa. Ikungokhulupirira uthenga wabodza.

Apa ndi pomwe ndinadziwa chinthu chomwe ogula ambiri saganizira. Kumbuyo kwa mahabu ambiri amakono kuli mkombero wooneka ngati labala wamba yotchinga fumbi, koma m'kati mwake muli maginito aang'onoang'ono osanjidwa mosinthanasinthana kuzungulira mkombero wonse. Sensa ya ABS imakhala pafupi kwambiri ndi mkomberowo, ndipo imawerenga maginitowo akamadutsa kuti idziwe liwiro la tayala. Mkombero ukakhala wofooka, ukakandika, ukamatira tizitsulo, kapena mpata wa pakati pa iwo ndi sensa ukakula, uthenga umasokonekera. Choncho pogula habu simukugula beringi yokha. Mukugulanso mbali ya mabuleki, ndipo mbali imeneyo simungaione ubwino wake poigwira m'manja kusitolo.

Amakaniko anachotsa sensa, anaipukuta, anapala dzimbiri pomwe imakhala, ndipo vuto linachepa kwa masiku ochepa kenako linabwerera. Ndinapita kwa wogulitsa yemwe uja kukamufotokozera, ndipo iye anati, "Bwana, beringi ikuliranso? Ngati sikulira ndiye kuti habu ili bwino. Zimenezo ndi za sensa." Anandigulitsa sensa yatsopano. Itaikidwa, palibe chinasintha. Pamapeto pake amakaniko anabwereka kakhadi koyezera maginito, kamene mukakaika pa mkombero kamaonetsa timizere takuda pomwe pali maginito. Mbali yaikulu timizereto tinkaoneka bwino, koma chigawo chimodzi tinali tozilala kwambiri, pena osaoneka n'komwe.

M'miyezi imeneyo maganizo anga pa habuyi ankasinthasintha malinga ndi msewu. Pa ulendo wautali, galimoto ikuyenda mwakachetechete, ndinkadziuza kuti ndinachita bwino kusunga ndalama ndipo vuto latsalalo ndi laling'ono. Ndikangolowa m'tauni, pomwe munthu amaima pafupipafupi, mtima unkawawa pa malo aliwonse oima, ndipo ndinazolowera kusiya mpata waukulu kutsogolo chifukwa chosakhulupirira mabuleki anga omwe.

Nditabwerera kusitolo ndi chithunzi cha kakhadi kaja ndi lisiti, wogulitsa anasintha mfundo. Anafunsa ngati nati yaikulu ya ekiselo inamangidwa ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), n'kunena kuti ngati inamangidwa ndi makina a mpweya ndiye kuti waranti yatha. Ngakhale ndinakwiya, ndiyenera kuvomereza kuti funso limeneli palokha ndi loyenera. Pa magalimoto ambiri okoka ndi matayala akutsogolo, natiyo ndi yomwe imapanikiza beringi pa mlingo woyenera, ndipo mlingowo, womwe nthawi zambiri umakhala pafupi ndi 200 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira) kapena kupitirira, umasiyana malinga ndi galimoto. Ikaperewera, beringi imagwedera. Ikapyola, imatentha n'kutha msanga. Kutsitsa galimoto pansi n'kuikankha nati isanamangidwe nakonso kumatha kuwononga beringi yatsopano isanayende n'komwe, ndipo opanga magalimoto ambiri amalamula kuti natiyo isagwiritsidwe ntchito kawiri. Mahabu ambiri omwe amabwezedwa kusitolo amakhala kuti anawonongeka poikidwa. Koma yanga inamangidwa ndi torque wrench ndili pomwepo, ndi nati yatsopano, ndipo kamangidwe ka nati sikangafufute maginito chigawo chimodzi chokha beringi ili yabwinobwino. Amakaniko analemba zimenezi pa pepala nasainira, ndipo wogulitsa anasiya kutsutsa.

Kuvomera kwake kunabwera ndi malamulo omwe sanatchulidwe tsiku logula. Ndinayenera kubweretsa habu yowonongekayo kaye asanandipatse ina, kutanthauza kuti galimoto inagona pa galaja itakwezedwa. Waranti inali ya chipangizo chokha, osati malipiro a amakaniko, ndipo ndalama sakanabweza. Ndikanatenga ina ya mtundu womwewo kapena kuwonjezera ndalama n'kutenga yodula ija. Ndinawonjezera. Ndinapemphanso kuti tiyeze mkombero wa yatsopanoyo ndi kakhadi tisanaimange, ndipo timizere tonse tinaoneka tofanana kuzungulira konse. Kuchokera pomwe inaikidwa, ABS sinalowererepo pamalo osayenera, ndipo makina akuonetsa matayala onse anayi akutsika limodzi mpaka kuima.

Nditawerengera zonse, ndinapeza kuti ndalipira amakaniko kawiri pa ntchito imodzi, ndagula manati awiri, ndalipira kuyeza ndi makina, ndagula sensa yomwe sinkafunika, kenako ndalipira mtengo wonse wa habu yomwe ndinaikana poyamba. Ndalama yomwe ndinkati ndapulumutsa inatha yonse pa malipiro a ntchito yachiwiri ndi sensa, ndipo zotsalazo zinali zowonjezera pamwamba.

Sindikunena kuti habu iliyonse yotchipa ili ndi vuto lomweli, chifukwa ine ndayesa imodzi yokha. Ndinamuuza mnzangayo kuti galimoto yake ikanakhala yakale yopanda ABS, mwina sindikanamuletsa, poti beringi ya habu yotchipa ija inapirira bwino. Popeza yake ili ndi ABS, ndinamulangiza kuti afune ya opanga maberingi odziwika monga SKF, NSK, NTN, FAG, Koyo kapena Timken, ndipo aigule kwa wogulitsa wodalirika, chifukwa mayina amenewa amaberedwanso ndi opanga zabodza ndipo katoni yokongola siitsimikizira kanthu. Ndinamuuzanso kuti asakakamizidwe kusintha mbali zonse ziwiri nthawi imodzi ngati inayo ilibe phokoso kapena kugwedera. Yanga yakumanzere ikadali yomwe inabwera ndi galimoto, ndipo ikugwira ntchito bwino.

Za wogulitsayo ndidakali ndi mitima iwiri. Anakwaniritsa waranti, zomwe ena sachita, koma anatero atayesa kaye njira ziwiri zothawira, ndipo yoyambayo inandidyera ndalama. Zinthu zazing'ono ngati mafyuluta ndingagulebe kwa iye, koma chilichonse chokhudza mabuleki ndidzafuna kuti malamulo a waranti alembedwe pa lisiti ndisanalipire, makamaka ponena za yemwe adzalipire amakaniko chipangizo chikapezeka cholakwika. Sensa ija anakana kuilandira, ponena kuti zamagetsi zikangotuluka m'sitolo sizibwezedwa, ngakhale kuti ndi iye mwini amene anandiuza kuti ndiigule, ndipo pa mfundo imeneyi sitinagwirizanebe mpaka lero.