Eya kilina yochapika: miyezi 14 pa Probox yanga

Galimoto yanga ndi Toyota Probox ya injini ya 1.5, ndipo ntchito yake ndi kututa mtedza ndi soya m'midzi ya kuseri kwa Mitundu kubwera nazo mu Lilongwe. Amene munayendapo misewu imeneyo mu Seputembala ndi Okutobala mukulidziwa fumbi lake. Ndi lofiira, losalala ngati ufa, ndipo ukakhala kumbuyo kwa lole umayatsa nyali dzuwa likuswa mtengo.

Eya kilina ya pepala, yosefa mpweya wolowa mu injini, sinkakhalitsa. Ndikapita kugalaja anyamata ankaichotsa, kuimenyetsa patayala, kenako kuipopera ndi kompuresa mpaka kuyera mbee. Ine mumtima n'kumati ndapulumutsa ndalama. Tsiku lina mkulu wina wa pagalajapo anaitenga n'kuilozetsa kudzuwa. "Bwana, taonani apa." M'makwinya awiri munali timabowo tonga pobaya singano, kuwala kukudutsa. Anapisa chala m'paipi yopita ku injini, chala n'kutuluka chofiira. Fumbi lotere likafika mu silinda limapala ngati sandipepa, ma ring a pisitoni n'kumadyeka pang'onopang'ono, kenako galimoto yayamba kumwa oyilo ndi kufuka utsi. Ya pepala sachapa ndi madzi, ndipo kompuresa ikakhala yamphamvu imaing'amba. Ikadzaza, malo ake ndi kudzala.

Ndiye ndinaitanitsa yochapika kudzera kwa mlamu wanga wa ku Johannesburg. Ndi thonje lopindapinda lomangidwa pakati pa waya wonga wa sefa, lonyowetsedwa ndi oyilo wofiira. Pamodzi ndi botolo la mankhwala ochapira ndi la oyiloyo, inandidyera ndalama yogulira ma eya kilina anayi a pepala. M'bokosi mwake m'galimotomo inalowa bwinobwino, labala wa m'mbali anagwira mosasiya mpata.

Kuchapa si nkhani. Umapopera mankhwala, kudikira mphindi 10, kenako kutsuka ndi madzi a pang'onopang'ono kuchokera mbali yoyera kuti fumbi litulukire komwe linalowera. Zothira Omo, petulo kapena burashi ayi. Pamene pagona mutu ndi pouma ndi pothira oyilo. Ulendo woyamba ndinathira ngati ndikukazinga mandasi, poganiza kuti wochuluka ndiye agwira fumbi lambiri. Patatha masiku awiri nyali ya check engine inayaka, injini ikunjenjemera ndikaima pa maloboti. Oyilo uja anali atauluka n'kumata kasensa koyeza mpweya kamene kali kuseri kwa bokosilo. Makaniko anakapopera sipuleyi yake n'kuchira, koma kundiseka sanasiye. Mlandu unali wanga: umangodontheza kamzere pamwamba pa khwinya lililonse, kudikira mphindi 20 kuti thonje limwe, n'kuwonjezera pokhapo pamene patsala poyera.

Kuuma nako kunandiphunzitsa. Ndinachapa madzulo ena mu Juni, kunja kuli mitambo ndi kachisanu, m'mawa n'kuipeza ikadali yonyowa. Pamoto suyanika, kompuresa saloledwa. Tsiku lonse galimoto ili pakhomo, makasitomala akuimba foni. Kuyambira pamenepo ndimasunga ya pepala imodzi pansi pa mpando.

Zoti imawonjezera mphamvu ndi kupulumutsa mafuta, pa Probox yodzaza matumba ine sindinazione. Kaphokoso kokha ka injini ndiko kanakula pang'ono ukaponda moto. Pakatoni analemba zoti ungayende mpaka makilomita 80,000 usanachape, koma amenewo ndi a patala. Ine ndachapa katatu pa miyezi 14.

Chimene sichindigonetsa ndi fumbi losalala lija. Thonje limapuma kwambiri kuposa pepala chifukwa mipata yake ndi yaikulupo, ndipo chogwira fumbi makamaka ndi oyiloyo. Mu Okutobala ndinapukuta paipi ija ndi kansalu koyera, panatuluka kachizindikiro kofiirira, kochepa ndithu, koma pamene ndinali ndi pepala latsopano kansaluko kankatuluka koyera.

Ndikuipatsa nyenyezi 3 pa 5. Wa m'tauni woyenda patala, wodekha pochapa, agule, ndalama yake ibwerera. Ine yochapikayi ndimaibwezera mvula ikagwa fumbi n'kugona pansi. Mwezi uno yakulungidwa m'jumbo pa alumali, ndipo m'bokosi muli ya pepala mpaka Disembala.