Chimera cha pa msika wa Kawale: cha mawere chaposa cha mapira

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikugula chimera kwa mayi ena a pa msika wa Kawale, ndipo sabata yatha, pokonzekera chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, ndinatenga cha mawere ndi cha mapira kuti ndione chimene chingatulutse thobwa labwino. Mayiwa amagulitsa chosagaya, zimene ndimaziyamikira kwambiri, chifukwa wogula amatha kutafuna njere zingapo asanalipire.

Njere za mawere zinafumbutuka mosavuta pa mano, umboni wakuti zinamera mokwanira. Ufa wa m'kati mwa njere umakhala wotsekeredwa m'tizipinda ting'onoting'ono totchedwa timaselo, timene makoma ake amapangidwa ndi zinthu zolimba zotchedwa arabinoxylan ndi beta-glucan. Njere ikaviikidwa n'kuyamba kumera, imapanga mankhwala achilengedwe otchedwa ma enzyme, amene amadula makoma amenewa pang'onopang'ono, ndipo njira ikatseguka, ma enzyme ena otchedwa amylase amafika pa ufawo n'kuyamba kuusandutsa shuga. Ntchito ya amylase imapitirira mumphika, n'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka mukathiramo chimera. Langa linasungunuka pa mphindi zochepa, n'kutsekemera ndisanathire shuga wambiri. Ndisanathiremo chimera ndinadikira kaye kuti phalalo lizizire pang'ono, pakuti phala lowira limapha mphamvu ya chimera.

Cha mapira chinali cholimbirapo, ndipo thobwa lake linachedwa kupepuka. Pamenepa sindikuwaimba mlandu mayiwa, popeza arabinoxylan wa m'mapira ali ndi nthambi zambiri zimene zimalepheretsa ma enzyme kumudula, kotero makoma ambiri amatsala ali chilili ngakhale njere itamera bwino. Zimasiyana ndi barele wa m'mafakitale a mowa, amene makoma ake ali ndi beta-glucan wokwana pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse, ndipo amasungunuka kwambiri pa masiku anayi kapena asanu akumera.

Chimene chinandidetsa nkhawa ndi mizu ndi mphukira zouma zimene zinatsalira pa mapirawo. Mphukira za mapira zimakhala ndi mankhwala otchedwa dhurrin, amene amatulutsa poizoni wa cyanide, ndiye pa thobwa loti amwenso ana sindikanalekerera. Ndinazifikisa m'manja n'kupeta m'lichero ndisanapite kuchigayo, ntchito imene wogulitsa anayenera kuigwira yekha.

Ndawauza mayiwa zimenezi mwaulemu, ndipo pa ukwati ukubwerawu ndaitanitsiratu cha mawere chokha, choumitsitsa, choikidwa m'thumba la saka osati m'jumbo imene imasunga chinyezi n'kuyambitsa chuku.