Chochotsera zophoda usiku: ma wipes, micellar water, kokonati kapena Vaselini wa amayi?

Amayi anzanga a ku banki nkhonde akhala akundifunsa kuti ndimachotsa ndi chiyani zophoda usiku, ati nkhope yanga inasiya kutuluka ziphuphu. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye werengani pano nonse.

Ndiyambe ndi ma wipes, tinsalu tonyowa togula m'paketi, chifukwa ndili nawo chifukwa. Chaka chatha kunali chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Luchenza. Anandiphoda mokwanira, faundesheni, lipisitiki, ndi maskara ija yosasungunuka ndi madzi, poti pa chinkhoswe cha mwana wa m'nyumba misozi siisowa. Pobwerera ndinagula paketi ya ma wipes pa kashopu kena, yotchipa, yonunkhira ngati maluwa. Ndinafika kwathu ku Chitakale, ku Mulanje, magetsi atazima, ndinakhala pansi ndi tochi ya foni n'kuyamba kupukuta. Kansalu koyamba kanangomwaza maskara, maso kuda bii. Kachiwiri chimodzimodzi. Pofika kachisanu ndinali ndikukwecha zikope ngati ndikutsuka poto wa nsima yopserera. Kutacha zikope zinali zitatupa, kuyabwa, kuwotcha. Ku tchalitchi mayi wina wachikulire anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona, "Mwanawe, kunyumba kuli mtendere?" Bambo a kwathu, osalakwa, anatsala pang'ono kuitanidwa kwa ankhoswe chifukwa cha kansalu.

Ndinadzamvetsa pambuyo pake. Maskara yotere imapangidwa ndi phula ndi zina zosamva madzi, imasungunuka ndi mafuta basi. Ma wipes ambiri ndi madzi, tinthu tangati sopo, mankhwala oti asavunde, ndi zonunkhiritsa. Akakanika kusungunula, dzanja limawonjezera mphamvu, pamene khungu la zikope ndiye lopyapyala kuposa lina lililonse m'thupi. Ndiye poti sutsukuluza, zonunkhiritsazo zimagona pankhope usiku wonse. Kutchipa kwakenso n'kwabodza. Paketi imakhala ndi tinsalu 25, ukamatenga titatu kapena tinayi usiku uliwonse sabata yatha, yathanso. Kapepala komatira pamwamba kakasiya kugwira, totsalato timauma gwa. Ndipo ambiri ali ndi pulasitiki, saola, musamawataye m'chimbudzi chogejemula. Ine ndimangowalola pa ulendo, ngati wokagona kumaliro kumene madzi ndi a m'ndowa imodzi anthu makumi awiri.

Micellar water ndiye ndimagwiritsa ntchito masiku a ntchito. Amaoneka ngati madzi wamba, koma muli timagulu ta tinthu tangati sopo wofewa, timene timakola mafuta ndi fumbi n'kuzisiya pa thonje. Wa Garnier ndi wa Nivea ndayesa onse, kusiyana kwake pankhope panga sindikuona. Phoda, faundesheni ndi fumbi la pa kabaza mu Okutobala, zonse zimachoka osakwecha. Chinsinsi n'kunyowetsa thonje bwinobwino, kuliika pa diso lotsinzina, kuwerenga mpaka 20, kenako n'kukokera pansi pang'onopang'ono. Pa maskara yosamva madzi fufuzani botolo la magawo awiri, mafuta pamwamba madzi pansi, lofunika kukhutchumula. Wamba uja pamenepo amagonja.

Chimene sanandiuze pogula ndi thonje. Botolo la 400 ml limakhala miyezi, inde, koma usiku uliwonse limadya timathonje tiwiri kapena titatu, ndipo timeneto timagulidwa padera. Tikatha kuno, mpaka utume munthu wopita ku Limbe kapena ulipire minibasi wekha. Ndinayesa thonje la mpukutu la ku famase, limasiya tiulusi m'maso komanso limamwa madziwo ngati lili ndi ludzu. Pano ndinasoka tinsalu tofewa kuchokera ku tisheti yakale, ndimachapa ndi kuyanika padzuwa. Pa botolo amalemba kuti osatsukuluza, koma ine ndimatsukuluzabe, khungu langa likapanda kutero limamata. Muziyang'ananso chidindo cha tsiku lothera ntchito ndi kutsekedwa kwa chivindikiro, zachinyengo zilipo, makamaka zoyalidwa padzuwa.

Mafuta a kokonati amasungunula chilichonse, sindingakane. Koma amaundana kukazizira kutsika pa madigiri 24, ndiye ganizani mu Juni ndi Julayi chiperoni chitaphimba phiri, kuwaza tsiku lonse. Unkachita kukanda ndi chikhadabo n'kuwasungunulira m'manja. Vuto lenileni ndi loti amatseka timabowo ta pakhungu. Pa masabata atatu chibwano changa chinadzaza tiziphuphu. Mlamu wanga wa ku Bvumbwe, wa khungu louma, amawatamanda mpaka lero, ndipo nkhope yake ndi see. Zimenezo n'zake.

Sopo wochapira ayi. Pa muyeso wa asidi wotchedwa pH, khungu lili cha m'ma 5.5, sopo wa mtanda ali cha m'ma 9 mpaka 10, n'chifukwa chake nkhope imakokana n'kutuwa mbuu ukangosamba, maskara ili pomwepo.

Tsono Vaselini. Apa ndikukondera, ndivomere. Mayi anga anathyola tiyi zaka zambiri, ndipo botolo la Blue Seal silinkachoka pawindo. Ndi limene linkatipaka popita kusukulu, ndi limene linachiza milomo yathu yong'aluka nthawi yozizira. Zikope zitatupa zija, ndi iwo anandiuza kuti, "Iwe, siya zogulazo, paka awa." Ndimatenga kochepa ngati njere ya chimanga, kupaka pa zikope ndi pamilomo, kudikira kamphindi, kenako kupukuta ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda. Maskara ndi lipisitiki youma ija zimatsetsereka zokha. Tengani woyera wopanda fungo. Alibe zonunkhiritsa zoyabwitsa, saundana ngati kokonati, amapezeka pa golosale iliyonse kuyambira pa boma mpaka ku Limbuli, ndipo botolo laling'ono ndimatha nalo miyezi yambiri.

Zofooka zake ndikuzidziwa. Ndi wonata, akalowa m'diso umaona mwachimbuuzi kwa kanthawi, ndipo sachoka ndi madzi okha, pamafunika sopo wofewa wa kunkhope pambuyo pake. Nkhope yonse sindipaka, makamaka nyengo yotentha, ndipo a khungu lamafuta musayese n'komwe. Amene munamatitsa nsidze zoikirira mupewe chilichonse cha mafuta, chimamasula guluu.

Ndiye pa tebulo langa pali zinthu zitatu: micellar water wa nkhope yonse, Vaselini wa maso ndi milomo tsiku la ukwati kapena chinkhoswe, ndi tinsalu tanga ta tisheti. Paketi ya ku Luchenza ija inatsala ndi tinsalu 19, bambo a kwathu anapukutira mpando wa njinga.