Chogwirira LNB chapulasitiki: n'chothandiza, koma bawuti yake ndi yofooka

Mphepo ya Chiperoni itawomba mu June, zithunzi pa TV yathu ku Limbe zinayamba kudukaduka, ndipo nditakwera padenga ndinapeza kuti chogwirira LNB (LNB ndi kachipangizo kolandira mafunde a TV kamene kamakhala kutsogolo kwa dishi ya setilaiti) chinali chitang'aluka ndi dzuwa. Ndinagula china cha mamilimita 40 kusitolo ya zipangizo zomangira. Chinakwana bwino pamkono wa dishi, koma bawuti yake imamasuka msanga, choncho ndinawonjezera washa. Popeza khosi la LNB yathu ndi locheperako, ndinalikulunga ndi kachidutswa ka chubu cha njinga, ndipo tsopano siligwederanso. Musanamasule chakalecho, lembani chizindikiro posonyeza mmene LNB yapendekera, chifukwa ikapotoka pang'ono matchanelo ena amasowa. Pulasitiki yake ndi yopyapyala, moti mukamanga mwamphamvu kwambiri ikhoza kusweka.