Gautrain inandipulumutsa nditangofika ku Joni

Ine nditabwera ku Joni kudzayamba ntchito ku Sandton ndinalibe galimoto, misewu sindikuidziwa, ma taxi awo oimitsa ndi zala aja ndinkangowaopa poti ukalakwitsa chala umakathera kwina. Mnzanga wa ku ofesi ndi amene anati aise ingokwera Gautrain usavutike. Abale sitima yake yaukhondo bwanji! Kuchoka pa eyapoti ya OR Tambo kukafika Sandton ndi mphindi 15 basi.

Panopa ndikukhala cha ku Midrand, mmawa ndimangogunditsa khadi pageti nkukwera, ndisanamalize nkomwe kuyankha ma meseji akumudzi pa WhatsApp ndimangoona tafika, pomwe anzathu ali ndiii pa jamu ya mu msewu wa N1. Sitimayi ikadutsa siteshoni ya Marlboro imalowa pansi pa nthaka, tsiku loyamba mtima unagunda ndithu sindinama.

Obwera kumene dziwani, mkatimo saloleza kudya kapena kumwa, olo chingamu, ndipo alonda ali ponseponse. Mtengo ndiwokwererapo kuposa taxi makamaka ya ku eyapotiyo, koma munthu wachilendo uli ndi laputopu mchikwama, ine ndimalolera kulipira ndifike ndi mtendere.